Wotchi Imene Bulashi Anafufuta

Dzina lake lenileni linafera m'kamwa mwa anthu kalekale. Aliyense ankangoti Bulashi, ndi ana omwe, chifukwa chiyambire unyamata wake ntchito yake inali imodzi yomweyo, yolemba zikwangwani. Mukaona mawu pakhoma la butchala, pakhomo la saluni kapena kumbuyo kwa lole, dziwani kuti panadutsa Bulashi ndi makwerero ake. Zikhadabo zake sizinayerepo. Mkazi wake ankati anakwatiwa ndi chitini cha penti chokhala ndi miyendo, iye n'kumangoseka, poti bodza panalibe.

Dera limene ankakhala, kumapeto kwa mzinda, linkatchedwa kwa Wawotchi, ndipo Wawotchiyo anali bambo ake omubereka. Kale, kuli tchire lokhalokha ndi msewu wafumbi, bamboyo anaika benchi ndi kabokosi kagalasi pansi pa mtengo pomwe maminibasi ankatembenukira, n'kumakonza mawotchi a anthu opita kuntchito. Okwera anayamba kunena kuti, "Munditsitse kwa wawotchi." Makondakitala analitola dzinalo, nyumba zinamera, ndipo pamene akhonsolo anabwera kudzadula mawadi anapeza dzina litazika kale mizu. Anangolilemba m'mabuku mwawo, nanga akanatani?

Chikwangwani cha pasiteji chinali ntchito yoyamba ya Bulashi. Poti anthu ambiri sankatha kuwerenga, kuphatikizapo amayi ake, pambali pa mawuwo anajambulapo wotchi yaikulu, yoyera mbee, mivi yake yakuda ikuloza nthawi imene bambo ake ankawerukira. Bambowo anaima pansi pake, manja ali kumbuyo, n'kunena kuti manambala ena apendama ngati aledzera. Koma mlendo aliyense wobwera pakhomo ankamutengera kusiteji kukamuonetsa.

Patapita zaka bamboyo anasamutsira benchi yake m'tauni, pakhonde la sitolo ya nsapato, ndipo m'mawa uliwonse amayi ankakwera minibasi kukamuperekera tiyi m'fulasiki. Kenako bamboyo anamwalira, ana anakula, amayi n'kukalamba. Ndiye mutu unayamba kuwathawa. Ankaiwala poto pamoto, zidzukulu ankazitchula maina a abale awo amene anafa kalekale, mpaka anaiwala ngakhale zoti mwamuna wawo anaikidwa m'manda. Kukacha ankathira tiyi m'fulasiki muja n'kuuyamba ulendo wa m'tauni. Mwini sitolo, munthu wachifundo, ankawapatsa mpando, iwo n'kukhala phee kudikira munthu amene sadzabweranso, dzuwa likapendeka n'kunyamuka.

Bulashi ndi mkazi wake anayesapo kuwatsekera m'nyumba. Abale inu, amayiwo anamenya chitseko mpaka manja kutupa, akulira ngati khanda kuti bambo akufa ndi njala. Kuyambira pamenepo anangowasiya, ndipo chodabwitsa n'chakuti sankasochera. Ankakhala pawindo maso ali kunja, wotchi ija ikangotulukira ankagogoda bodi la minibasi n'kunena kuti, "Tafika, nditsike." Kuchokera pachikwangwanipo miyendo inkadziwa yokha njira, kudutsa pampopi, kukhota pa okazinga tchipisi, mpaka pakhomo. Bulashi ankadziwa bwino lomwe kuti chimene chikuwabweretsa amayi ake kunyumba si nzeru zawo koma wotchi ija. N'chifukwa chake mvula ikatha ankakwera makwerero kukaipakanso penti, popanda womutuma.

Tsono Bulashi anali ndi mng'ono wake, mzime wa m'nyumbamo. Ameneyu anabadwa ndi pakamwa. Ali mwana ankatha kukunyengererani kuti mumupatse nsapato mwavala, inu n'kuthokozanso. Bulashi anamuphunzitsa sukulu ndi penti yomweyi, ndipo mnyamatayo ataimira ukhansala, nkhope yake pamakoma onse a wadiyo anaijambula ndi mkulu wakeyo. Tisamunamizire, ukhansala anaugwira. Mipopi inafika, ngalande zinakumbidwa, msewu wafumbi uja unathiridwa phula. Anthu anamukonda, ndipo chisankho china chitafika anamutumiza ku Nyumba ya Malamulo. Khansala anasanduka phungu, anasamukira kumbali ya mzinda kumene mipanda imatalika kuposa nyumba, ndipo ngakhale amene anasewera naye mpira wachikulunga anayamba kumutchula kuti Olemekezeka.

Tsiku lina galimoto yake inaima pashedi pomwe Bulashi ankagwirira ntchito. Phunguyo analowa akunyamula miyendo ya buluku kuopa penti, nakana mpando.

"Achimwene, ndakubweretserani ntchito yaikulu," anatero. "Khonsolo yavomereza kuti mawadi asinthe maina. Kuno tsopano kudzitchedwa Mbandakucha. Zikwangwani zonse mulemba ndinu, kuyambira cha pasiteji."

Bulashi anaika bulashi m'chitini. "Dzina la bambo lakulakwira chiyani?"

"Si dzina limenelo, achimwene, ndi ntchito. Mukudziwa zimene amandichita ku Nyumba kuja? Ndikangoimirira kuti ndilankhule, wina kumbuyo amakuwa kuti, 'Olemekezeka a kwa Wawotchi, nthawi ili bwanji?' Nyumba yonse gwaa kuseka. Ndipemphe bwanji chipatala anthu akugwira nthiti? Ndipo ndani angabwere kudzamanga fakitale kudera lotchedwa ndi benchi?"

"Benchi imeneyo ndi imene inakudyetsa iwe."

"Ndikudziwa. Koma bambo anapita, ife tili moyo."

Bulashi anali munthu wosadziwa kukangana, mawu ankamuthera msanga. "Chabwino, dzinalo sintha. Koma wotchi ija isiye, ngakhale kakang'ono pakona. Amayi amatsikira imene ija."

Phunguyo anaseka, osati mwachipongwe, koma ngati munthu amene wamva nkhawa ya mwana. "Amayi akhala akuyenda msewu umenewu kwa zaka zambirimbiri. Angasochere lero? Ndiponso makondakitala onse amawadziwa. Chithunzi chabwera kale kuchokera kukhonsolo, ndi dzuwa likutuluka, palibe malo a wotchi. Mukakana inu alemba wina, koma anthu adzati chiyani akamva kuti mkulu wanga yemwe wandikana?"

Mawu omalizawo ndi amene anamufooketsa Bulashi. Mkazi wake atamva anaomba m'manja kamodzi. "Bambo a ana, mwavomera? Mlamu wangayo apongozi amawaona pa maliro ndi pa kampeni basi. Amene amawasambitsa ndine, amene amawadikira pampopi madzulo ndinu. Iye akudziwapo chiyani?" Bulashi anayankha kuti makondakitala alipo, awauza onse mmodzimmodzi. Anawauzadi, ndipo onse analonjeza kuti agogo a fulasiki sangawapitirize.

Chimene sanachiganizire n'chakuti phula lija linali litakopa kampani ya mabasi akuluakulu, ndipo mabasiwo anayenera kuyamba kuyenda tsiku lomwelo lotsegulira dzina latsopano. Madalaivala ake anali achilendo, makondakitala ake achilendo, ovala yunifolomu, osadziwa agogo a munthu aliyense.

Bulashi anakwera makwerero m'mawa wa tsiku loti mawa lake ndi mwambo. Anthu odikira minibasi anangoti duu kumuyang'ana. Anapaka penti yabuluu pankhope ya wotchi ija, koma itauma mivi inkaonekerabe pansi pake. Anapakanso, inaonekerabe. Mtima unamuwawa kwambiri moti anafuna kutsika n'kusiya zonse, koma manja anazolowera kumaliza ntchito, ndipo anapaka mpaka mivi inamira. Pamwamba pake anajambula dzuwa lachikasu, lokongola ndithu, poti Bulashi sankadziwa kugwira ntchito yoipa. Madzulo ake anakawachingamira yekha amayi pasiteji, anawatsitsa, iwo osazindikira kanthu.

Tsiku la mwambo kunali tenti, mipando yapulasitiki ndi zokuzira mawu. Bulashi anali atakonza zoti akaimenso pasiteji dzuwa likapendeka. Koma anamukhazika kutsogolo monga mkulu wa Olemekezeka, atamuveka jekete lobwereka, ndipo zolankhula zinatalika monga mwa masiku onse. Wapampando wa ichi, wapampando wa icho, aliyense kuyamba ndi kulonjera anthu omwewo. Atafuna kudzuka, wina anamugwira phewa kuti mng'ono wake watsala pang'ono kumutchula. Anamutchuladi, anthu anaomba m'manja, iye anaimirira n'kuwerama. Pamene ankafika pasiteji n'kuti mabasi atsopano atadutsa angapo.

Anadikira. Minibasi iliyonse yoima ankasuzumira, makondakitala akale n'kumapukusa mitu kuti lero agogo aja sanawaone pobwerera. Anathamangira m'tauni, mwini sitolo ya nsapato anati amayi ananyamuka nthawi yawo yomwe ija, ndipo anawaona akukwera chibasi chachikulu. Apo Bulashi anapita kudepoti, kupolisi, kuchipatala, akufotokoza chimodzimodzi: mayi wokalamba, wamfupi, duku lobiriwira, fulasiki m'manja. Anaimbira mng'ono wake, foni n'kuyankhidwa ndi womuthandiza, amene anati Olemekezeka ali ndi alendo.

Anawapeza mawa lake masana, kumathero kwa msewu watsopano, kumene mabasi aja ankatembenukira pafupi ndi malo ophwanyira miyala. Mayi wina wophwanya miyala ndi amene anawatola m'ngalande m'mawa n'kuwagoneka pa katoni pamthunzi. Iye anati agogowo anatsitsidwa basi itafika pomaliza, ndipo anayamba kuyenda uku ndi uku maso ali m'mwamba, akuyang'ana pa mtengo uliwonse ndi pa pholo lililonse. Anthu ankawafunsa kwawo, iwo n'kumangoti sitinafike. Fupa la m'chiuno linali litathyoka. Fulasiki anali ataikumbatirabe.

Kuchipatala anachita zimene akanatha, koma dokotala ananena mosabisa kuti pa msinkhu umenewu kuyenda ndiye kwatha. Anabwerera nawo kunyumba n'kuwagoneka m'chipinda chawo chomwe chija, pabedi lomwe lija, moyang'anana ndi khoma lopanda kanthu. Koma amayi sanadziwe kuti afika. Tsiku lonse ankagwira chitsulo cha bedi ngati mmene munthu amagwirira mpando wa basi, khosi lili chotukula, akufunsa mpongozi wawo kuti, "Mayi, kwa Wawotchi tadutsa kale?" Chakudya ankakana, ati akadya akafika. Tulo sankagona, ati angapitirire. Thupi linayamba kutha anthu akuona. Bulashi ntchito inamukanika, ankangokhala pakhonde atagwira tsaya. Mkazi wake sanamunene kuti ndinakuuzani, ndipo kusanenako kunkamupweteka kuposa kutukwanidwa.

Phungu anabwera Loweruka lina ndi bulangete latsopano ndi zipatso. Anagwada pambali pa bedi, maso ali ofiira, pakuti nayenso anali mwana wa munthu.

"Amayi, ndine. Ndabwera."

Iwo anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutayi. "Zikomo bambo. Mukutsikira kuti inu?"

"Amayi, muli kunyumba. Kuno ndi kwanu."

"Kuno ndi kuti?"

Phunguyo, munthu amene mawu sanamusowepo chibadwire, anatembenuka. Anayang'ana mkulu wake. Bulashi anangoti, "Auze. Si iwe unatcha dzina?"

"Ndi ku Mbandakucha, amayi," anatero motsitsa mawu.

"Kumeneko sindikudziwako," anatero amayi mwaulemu. "Ine ndine wa kwa Wawotchi. Ndili ndi ana awiri kumeneko, wamkulu ndi wofatsa, wamng'onoyo ndi wolongolola koma ndi wabwino mtima. Mukaona wotchi mundiuze, bambo, maso angawa ayamba kuchita chifunga."

Phunguyo anatuluka osatsanzika. Panja anauza Bulashi kuti dzina linadutsa kale kukhonsolo, kulibweza ndi nkhani ya miyezi, mwina zaka, koma ayesetsa. Bulashi anamuyang'ana mng'ono wakeyo, mwana amene anamuberekapo kumsana, ndipo kwa nthawi yoyamba sanamukhulupirire ngakhale pang'ono. Komanso ngakhale akanalibweza mawa, amayi akanafika bwanji kusiteji?

Galimoto itachoka analowa m'shedi n'kutenga penti yoyera, yakuda ndi mabulashi awiri. Anakankhira kabati pambali m'chipinda cha amayi ake, anatsegula windo kuti fungo lituluke, n'kuyamba kujambula pakhoma loyang'anana ndi bedi. Anazungulitsa nkhope ya wotchi, yaikulu ngati ya pasiteji ija, analemba manambala, ena n'kuwapendamitsa dala monga analili poyamba paja. Mkazi wake anaima pakhomo atagwira beseni.

Mivi anamalizira. Atangochotsa bulashi pa muvi wachiwiri anamva kugogoda kumbuyo kwake, go go go, pachitsulo cha bedi.

"Tafika," anatero amayi. "Nditsike."

Anayesa kudzuka, miyendo inakana. Bulashi anataya bulashi pansi, nawagwira mapewa n'kuwagonekanso pa pilo. Iwo anamuyang'ana nkhope kwa nthawi yaitali, kenako anayang'ana manja ake odzaza penti.

"Iwe," anatero, "bwanji sunabwere kudzandichingamira? Ndazungulira kutali, mwana wanga."

Bulashi anakhala pansi pasimenti, anatsamira bedi, nalira mokweza ngati mwana wamng'ono, mkazi wake akupita kukatenthetsa chakudya poti apongozi anali atanena kuti tsopano njala yawagwira.