Khadi Yowala ya Mlamu Wanga Chanda

Lachisanu m'mawa ndikumwa tiyi kunyumba ku Kabwata, kunatulukira Chanda atasenza kompyuta paphewa ngati mbuzi yopita nayo kumsika. Chanda ndi mlongo wake wa mkazi wanga. Amakhala ku Chelstone ndipo amadyera kujambula mavidiyo a maukwati.

"Shani ba mulamu," anandilonjera akuitula patebulo. "Iyi mashini ili na vibanda."

Nkhani yake inali yotere. Anajambula ukwati wa mwana wa banja lina lolemera la ku Kabulonga. Poona kuti kompyuta yake ikukwawa, anapita m'tauni kukagula khadi ya zithunzi, chipangizo chimene chimathandiza kompyuta kukonza vidiyo mwachangu. Anasankha yaikulu, ya mafani atatu, yowala mitundu yonse. Ataiika, kompyuta inkayaka bwinobwino. Koma akangoyamba kukonza vidiyo ija, phi! Yazima.

Pamenepo mayi a mkwatibwi anali atayamba kale kumuimbira foni kosalekeza. Achibale awo ochokera kunja ankanyamuka Lamlungu, ndipo ankafuna kuonera ukwatiwo asanakwere ndege. Mayiwo anamuuza kuti akalephera, amayi onse a kutchalitchi kwawo amva. Inu mukudziwa kuti wojambula maukwati akangoipa dzina pakamwa pa amayi a kutchalitchi, kamera akhoza kungoigulitsa.

"Ba elida ba ku chechi banaipemphelela dzulo," anatero Chanda. "Inazima pakati pa pemphelo."

Ndinamufunsa ngati wogulitsa khadiyo sananene chilichonse. Anakanda m'mutu.

"Banakamba ati nigule na pawa sapulayi ikulu. Manje ine ninaona monga bafuna chabe kunidya. Nanga ija ikhala pansi mu bokosi, nindani azaiona?"

Kwa amene simunatsegulepo kompyuta, pawa sapulayi ndi kabokosi kachitsulo kamene kamalandira magetsi ochokera pakhoma n'kugawira ziwalo zonse zam'kati. Sikawala, sikakongola. Ka Chanda kanali kakale, kofooka. Khadi yatsopano ikangofuna chakudya chake chokwanira, kabokosiko kankakomoka. Munthu wagula ng'ombe yolima, koma akuipatsa madeya a mwanapiye.

Tinakwera minibasi kupita m'tauni. Mayi wogulitsa uja atangomuona Chanda pakhomo la sitolo anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Mwabwela? Ninali kukuyembekezani. Bonse bamabwela."

Mawu akuti "bonse" amenewo ndi amene anandikhala mumtima.

Tinabwerera ndi kabokosi kolemera ngati njerwa. Pabalaza panga panasanduka garaja. Chanda anazula magetsi pakhoma, anamasula kakale kaja, n'kuyamba kulumikiza nthambo zatsopano imodziimodzi, thukuta lili kamukamu. Mkazi wanga anaima pakhomo la khichini manja ali m'chiuno, akudandaula za nsalu yake ya patebulo.

Chanda anadina batani. Mafani anazungulira, nyali zinawala, vidiyo inayamba kukonzeka popanda kutsokomola. Mlamu wanga anakweza manja kumwamba, n'kuyamba nyimbo yothokoza.

Asanamalize ndime yoyamba, firiji inakhala chete. Fani ya kudenga inaima. Kunja mwana wa aneba anakuwa kuti, "Malaiti yayenda!"

Tinangoyang'anizana. Amene anayankhula ndi mkazi wanga.

"Manje bwelelani mu tauni, mukagule pawa sapulayi ya dziko yonse."

Ndinaseka, koma kenako ndinaganiza. Kodi Chanda ndi yekha? Pitani ku Woodlands mukaone mageti otseguka okha, a nyali zam'mbali, pamene m'nyumbamo akusamba madzi a m'chigubu. Onani magalimoto a injini zazikulu amene amatsukidwa Loweruka lililonse koma sachoka pakhomo mwezi ukafika pakati. Ngakhale ukwati umene Chanda anajambula, keke yake inali yotalika kuposa mkwati, koma ndikukayika ngati alipo anawafunsa awiriwo kuti akakhala kuti.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ife tinamva mwambiwo, n'kusankha kuthirira mkuyuwo.

Ndipo si m'makomo mokha. Chiyambire pamene zipani zinachuluka ndi malonda anatseguka, tauni yathu yadzaza ndi masitolo akuluakulu a magalasi, zikwangwani zowala, nyumba zosanja. Zonsezi zimadya magetsi. Koma munamvapo gulu la amayi ovala zitenje za chipani likuvinira thiransifoma? Munaonapo bwana akudula riboni pa paipi yokwiriridwa pansi? Ayi ndithu. Chinthu chosaoneka pa chithunzi sichibweretsa voti. Ndiye timangopachika zowala pa kabokosi kakale komweko, ndipo kakakomoka timati ndi ziwanda, kapena mvula, kapena boma lapita lija.

Za Chanda, zinatha chonchi. Anaimba mafoni mpaka anapeza msuweni wake ku Libala kumene magetsi anali adakalipo. Tinaikweza kompyuta m'takisi, iye ataifungatira pamiyendo ngati wodwala. Kumeneko vidiyo inatha magetsi awo asanazime, ndipo tsiku lotsatira anakaipereka ku Kabulonga.

Atabwerako ndinamufunsa ngati mayi aja akondwera.

"Awe ba mulamu, sibanaione. Kwao nako kulibe malaiti, na jeneleta yao yafa. Bakamba ati vuto ni ine, ninachedwa."

Achibale aja ayenera kuti akaonera ukwatiwo akafika kwawo kutsidya kwa nyanja, kumene mwina alipo munthu amene anavutikira kugula kabokosi kosaoneka.

Masiku a kampeni akafika, andale adzabweranso ndi zithunzi za zinthu zikuluzikulu zowala mitundu yonse, ife n'kuomba m'manja mpaka zikhatho kufiira. Kodi pagulu lonselo padzapezeka mmodzi yekha wokweza dzanja n'kufunsa kuti, "Bwana, chinthu chokongolachi chizidzadya chiyani?"