Malaya Anga ndi Batire ya Tadala

Tadala, mwana wa mchemwali wanga, anabwera kwathu ku Senga Bay ndi anzake a ku yunivesite, atakweza pa lole kagalimoto ka mpikisano koyendera batire komwe anapanga okha. Ankafuna kukayesa pamsewu wathu, aphunzitsi awo akuonerera, kuti asankhidwe kukapikisana.

M'nyumba mwanga soketi yogwira ntchito ndi imodzi. Analumikiza batire pamenepo n'kutsikira kunyanja kukagula nsomba. Ine ndinazula, n'kuikapo simbi yanga yamagetsi, kusita malaya oti ndikaoneke bwino pamaso pa aphunzitsiwo. Ndinaiwala kubwezera. Ndinakumbuka nditamva mawu awo pakhomo, n'kulumikiza mothamanga.

Nthawi yoyesa itakwana, Tadala anakwera, kagalimoto n'kunyamuka ndi liwiro loopsa, anthu akuomba m'manja. Kasanafike pamtengo wa mango, kanaima. Wakabaza anakadutsa akuliza belu. Tadala anavula chisoti, misozi ikulengeza.

"Magetsi anathima mutangochoka," ndinatero ine, munthu wamkulu ndi ndevu zanga, osafunsidwa n'komwe.

Mwanayu amadziwa kuti simbi ya makala ndilibe. Anandiyang'ana kuyambira pakolala mpaka m'mikono.

"Koma malaya anu asitidwa bwino, amalume."