Thabwa laliwisi ndi mpunga wosauma

Lachitatu lapitali, 9 koloko m'mawa, ndinakalipira munthu wosalakwa.

Ndili ndi chigayo chopunthira mpunga pa boma pa Salima. Amene amayendetsa makina ndi a Jere, bambo amene ndagwira nawo ntchito zaka khumi ndi chimodzi. M'mawa umenewo mayi wina wa ku Chinguluwe anabwera ndi matumba asanu. A Jere anatapako pang'ono n'kuluma kambewu kamodzi, monga amachitira nthawi zonse.

"Bwana, uwu sunaume. Auyanike kaye tsiku limodzi."

Ine maganizo anali pa magetsi, kuti azima nthawi iliyonse. "Thirani," ndinatero.

Mpunga unatuluka wophwanyikaphwanyika, woyenera phala basi. Mayi aja atayamba kudandaula, anthu n'kuunjikana, pakamwa panga panatuluka mawu awa: "A Jere, ntchitoyi mwakalamba nayo. Kapumeni kunyumba, ndikuitanani." Iwo anasasa fumbi pachipewa chawo n'kumapita. Tonse tikudziwa kuti bwana akati "ndikuitanani", ntchito yatha.

Masana ndinapita kunyanja kukasiya thumba la mpunga kwa Che Saidi, okhoma maboti, amene ali ndi amisiri anayi. Ndinawapeza akuzula misomali pa boti latsopano, lopaka kale utoto. Mwini boti anali chilili pambali, nkhope itakwinyika.

"Che Saidi, tinagwirizana kuti lilowa m'madzi Loweruka lino. Anthu anga akungokhala," anatero mwini botiyo.

"Lilowa Loweruka linalo, Mulungu akalola. Thabwa ili ndi laliwisi. Likauma lisiya mpata, ndipo mpatawo mudzaudziwa muli pakati pa nyanja."

"Analiika ndani? Ameneyo muchotseni ntchito."

Mmisiri wina anazolika. Che Saidi anaika hamala pansi.

"Anakhoma ndi Yusufu uyu. Analisankha ndine. Anandiuza kuti likulemera, ine n'kumufunsa kuti mwini malo ano ndani. Ngati mukufuna wochotsedwa ntchito, ndi amene mukulankhula nayeyu."

"Tikuchotsani mawa, achimwene," anatero Yusufu. "Lero tithandizeni kuzula."

Onse anaseka, ngakhale mwini boti. Ine kuseka kunandikanika.

Owerenga anga, ambirife tili ndi wina amene amatitcha bwana, kaya m'golosale, m'galaja kapena mu ofesi. Zikayenda bwino timati "ndachita". Zikavuta timati "anthu angawa". Tinaphunzira kuti khalidwe limeneli?

Ndikuganiza kuti ndi mantha. Timaopa kuti tikavomera kulakwa pamaso pa antchito, mawa sadzatimvera. Koma ine ndinaona amisiri aja akuzula misomali mwachangu, popanda wowalondalonda. Ulemu wa Che Saidi sunachepe ndi pang'ono pomwe.

Ndipo pali china chimene sitichiwerengera. Thabwa likadzalemeranso, Yusufu adzalankhula. Nanga wantchito amene wanena zoona n'kusenzetsedwa mlandu, adzanenanso? Amangotseka pakamwa, n'kumathira chilichonse chimene wauzidwa. Bizinesi imene onse amangoti "chabwino bwana" imaoneka yabata, koma madzi amakhala akulowa pansi.

Mayi wa ku Chinguluwe ndinali nditamusinthira kale matumba ake ndi mpunga wanga. Zimenezo zinali zosavuta. Dzina la a Jere ndilo linatsala pansi, pomwe ndinaliponda.

Lachinayi m'mawa ndinapalasa njinga mpaka kwawo. Ndinawapeza akumata chubu cha njinga pakhonde.

"A Jere, wolakwa dzulo ndinali ine."

"Ndikudziwa, bwana," anatero osasiya ntchito yawo. "Koma amene anamva dzulo aja sali pano."

Tinabwerera limodzi kuchigayo. Ndinadikira mpaka mzere utatalika, ndipo ndinanena mawu omwewo mokweza, kuti ndi a kabaza omwe amve. Mawu anatuluka movuta, koma anatuluka.

A Jere anamasula thumba loyamba, n'kuluma kambewu kamodzi.

"Uwunso sunaume, bwana."

Tenti yoyanikira ndinakatenga ndekha.