Shawelo Imene Ndinatumiza ku Kambombo

Ndinachoka ku Kambombo chaka chimene njovu zinatidyera chimanga chonse usiku uwiri wokha. Ndinali nditangokwatira NyaZimba, mtsikana wa ku Chifunda, ndipo ndinalibe ngakhale bulangete loti n'kumufunditsa. Ndinamusiya m'manja mwa amayi, n'kuyenda pansi mpaka ku Lundazi, kenako pa lole kupita ku migodi ya kopa.

Kumeneko ndinkagona m'chipinda cha anthu asanu ndi mmodzi, koma woti n'kulankhula naye Chisenga panalibe. Ndalama inali yochepa, komabe ine ndi munthu wokonda kutamidwa. Nditamva kuti mlongo wanga Esitere ali ndi pakati, ndinagula shawelo yoyera yaubweya. Mmwenye wa pasitolo anandipatsanso timibulu toyera tonunkha tothamangitsa njenjete. Ndinatithira tambirimbiri m'bokosi lachitsulo pamodzi ndi shaweloyo, n'kutumiza ndi munthu wakwathu.

Patapita miyezi inayi kalata inabwera. Mwana anabadwa wamwamuna, wonenepa bwino. Tsiku lachitatu anasanduka wachikasu mpaka m'maso, analeka kuyamwa, anamwalira. Amene anamusambitsa n'kumukulunga anali NyaZimba, ndiye anthu anati anachita nsanje poti iye analibe mwana. "Tamubweza kwao," inatero kalatayo. Ndikuchita manyazi kunena, koma sindinayankhe. Ndinaipinda kalatayo n'kupita kuntchito.

Chaka chachitatu ndinadwala malungo. Kuchipatala cha pamgodi anandipatsa mapiritsi amene anzanga ankamwa osamva kanthu. Ine patangopita masiku atatu mkodzo unada ngati tiyi wopanda mkaka, maso achikasu, miyendo yosanyamulika. Ndinadziwa kuti ndikufa basi.

Dokotala wachizungu, m'malo modandaula, ankaoneka ngati watola ndalama panjira. Ananditenga magazi kanayi konse. Mthandizi wake, bambo Lungu a ku Petauke, ndi amene ankanditanthauzira.

"Akuti m'magazi a munthu muli kanthu kotchedwa enzaimu, kamene kamateteza magazi kuti asasweke. Iwe kako n'kochepa. Manje afuna azipima anthu asanawapatse mankhwala aya, kuti adziwe amene angawapweteke."

"Ndakatenga kuti kameneka?"

"Unabadwa nako. Kamachokera kwa amayi, kamavuta kwambiri ana aamuna. Ndipo akuti usamasunge zovala ndi timibulu twa njenjete tuja. Kwa mwana wakhanda wa magazi ngati ako, ndi poizoni."

Ndinangoti zikomo. Mutu unali wolemera, ndipo mawu amenewo analowa n'kukagona penapake. Za shawelo sindinaganizeko n'komwe.

Nditachira anandichotsa ntchito yapansi pa mgodi, ndiye ndinabwerera kumudzi. Ndinafika masana, anthu akukolola. Amayi anavina, ana anathamangira katundu wanga. Esitere anatuluka m'nyumba akuseka, atanyamula mwana wake wachiwiri, wa masiku awiri.

"Adumbu, mwafika bwino! Onani mwana wa mlongo wanu. Tamufunditsa shawelo yanu ija, tinaisunga bwinobwino m'bokosi."

Fungo la timibulu tuja linandipeza mwanayo asanafike m'manja mwanga. Ndinamva mawu a bambo Lungu ngati aima kumbuyo kwanga. Ndinakwatula shawelo ija n'kuiponya kutali m'fumbi, mwana n'kuyamba kulira ali maliseche m'manja mwanga.

"Wapenga?" anakuwa amayi.

"Musambitseni manje manje! Ndi sopo. Bokosi lija litulutseni kunja."

Ndinawafunsa amayi ngati mwana woyamba uja anafundanso shawelo yomweyi. Anati inde, kuyambira tsiku lobadwa mpaka tsiku lomwalira. Ndinakhala pansi pomwepo. Ndinawafotokozera zonse, za mkodzo wakuda, za enzaimu, za magazi ochokera kwa iwo kudzera mwa Esitere. Ndinati amene anapha mwana ndine, osati NyaZimba.

Amayi anayang'ana uku ndi uku kuti aone amene akumva. "Izi zithere pano," anatero motsitsa mawu. "Ufuna anthu azinena kuti magazi athu ndi oipa? Mkazi uja anapita kale."

Zimenezi zinandiopsa kuposa mkodzo wakuda uja. Anandikhulupirira, koma anasankhabe kuti mfiti akhale mwana wa eni.

Mwana anachita kachikasu pang'ono m'maso, koma ankayamwa. Nditaona kuti wapulumuka, ndinabwereka njinga n'kupita ku Chifunda. NyaZimba ndinamupeza akusinja chimanga kumbuyo kwa nyumba ya amalume ake, yekha, poti akazi anzake sankamulola kuyandikira ana awo. Ndinagwada n'kunena zonse. Anamvetsera osasiya kusinja. Nditamaliza anaika munsi pansi.

"Ine ndinadziwa kale kuti sindinaphe mwana," anatero. "Shawelo munatumiza, timibulu munatumiza. Kalata imodzi yondifunsa kuti zinayenda bwanji, inakukanikani?"

Anatolanso munsi wake, ndipo ine ndinakhalabe chogwada.