Gitala ya Zuze ndi mbalame za m'mapira

Mwaswera bwanji nonse.

Zuze, mwana wa achemwali, wafika masanawa ndi munthu wogula ng'ombe. Akuti tigulitse ng'ombe ya amake, akagule gitala ku Blantyre, ya akatswiri, yosalira magetsi. Ndamuuza adikire ndimve kaye kwa inu.

Ananu simukudziwa, matendawa ndi akumtundu. Nthawi ya chipani chimodzi, malume Fombe anagulitsa thonje la chaka chonse n'kubwera ndi gitala yonyezimira ngati galasi. Kwa Tengani konse anabwera kudzaiona. Atayamba kuimba, anatsala ndi agalu okha, nawonso akulira.

Mapira atayamba kucha, amayi anati, "Achimwene, luso lotere lisamathere pakhonde, kaimbireni kumunda." Malume anakwera pansanja monyadira. Mbalame zonse zinasamukira m'minda ya eni. Ife ana tinapuma kuingitsa mbalame, nkhokwe n'kudzaza.

Zuzeyu ndamumva akuimba gitala ya mnzake. Ndi malume enieni, sanasiye kanthu.

Ndiye mukuti bwanji abale, ng'ombe ipite? Ine sindikukana ayi. Kungoti chaka chino mapira sitinadzale.