Siginolo ya a Rafaeli

A Rafaeli a ku Chilomoni, aja okhala kuseri kwa chigayo, anagwira ntchito ya njanji zaka makumi atatu, kuimitsa ndi kulola masitima pamphambano. Ukawapatsa moni amayankha ndi mbiri: "Ine m'manja mwanga simunagundanepo sitima." Ngakhale pamaliro amapeza polowetsera mawuwa.

Atapuma pantchito, mwana wawo Bernadeta anawatumizira laputopu yokhala ndi gemu yomanga njanji, ati asamasowe chochita. Chochita anachipezadi, akazi awo a Eliness n'kutsala ngati namfedwa.

Vuto linali pamphambano. Kuntchito anaphunzitsidwa kuti siginolo imaima pakamwa penipeni pomwe njanji zikusiyana, basi. Koma gemuyo sinapite nawo kukosi. Akakokera siginolo pamalopo, inkadumpha yokha n'kukamatirira njanji ya pambali, itatembenukira kolakwika. Akaibweza, yadumphanso.

"Bwanji osaisunthira kumbuyo pang'ono, pomwe ikufunapo?" anatero a Eliness.

"Mayi, siginolo siifuna. Imauzidwa."

Tsoka lake, anali ataitana kale anzawo akale a kunjanji kuti Lamulungu, Misa ikatha, adzaone mphambano yomangidwa ndi katswiri. Pofika Loweruka anali atayamba kuikalipira siginoloyo m'Chisena, chija amasungira anthu owakwiyitsa zedi. Siginolo osamva.

Lamulungu kunabwera a Lucius a ku Bangwe ndi a Salehe a ku Mbayani, onse m'majekete. A Rafaeli anayatsa gemu. Masitima anayi anafika pamphambano, masiginolo onse psuu! Iyi kudikira iyo, iyo kudikira inzake. Palibe yosuntha.

Panadutsa mphindi khumi. Thukuta la a Rafaeli linafika mpaka pakolala.

"Achimwene," anatero a Salehe, "zaima chonchi mpaka liti?"

A Rafaeli anatsegula pakamwa kuti aulule, koma a Salehe anali atayamba kale kuwomba m'manja.

"Mwaimanga! Ine ndimati tidzaona zidole zothamanga ngati minibasi. Iyi ndiye njanji yomwe tinkaidziwa ife!"

"Mpaka mtima wandipweteka," anatero a Lucius, akuvula jekete. "Alamu, tiyi alipo? Zikaima chonchi ife tinkamwa tiyi."

A Rafaeli anapukuta nkhope, n'kukhala bwino pampando.

"Chitetezo choyamba," anatero.

Bernadeta atabwera patchuthi anati aikonza mphambanoyo m'mphindi ziwiri. A Rafaeli anamulanda laputopu. Masitima aja mpaka lero akadali pamphambano.