Kansalu ka pa sola

Nditafika kwathu ku Lirangwe pa holide yanga yoyamba ya ku yunivesite, ndinapeza ababa atauza mpingo wonse kuti mwana wawo akuphunzira Fizikisi. Mpingo unamva kuti ndimakonza mawailesi. Mawa lake pakhonde panali mawailesi atatu, tochi, ndi ayironi yamakala yothyoka chogwirira. Chonsecho ine miyezi yonseyo ndinangowerengetsa liwiro la mpira wongoyerekeza wotsetsereka pa thabwa longoyerekeza. Waya ndinali ndisanamugwirepo.

Ababa, amene anapuma pa uphunzitsi, ankafuna ndichite unesi.

"Nesi ntchito yake timaiona," anatero. "Iwe zaka zinayi zikatha udzatuluka uli chiyani?"

Ndinayang'ana zala zakumapazi. Madzulo ndinalemba m'kabuku kanga kuti: "Lero ababa ndawayankha bwino kwambiri, koma muno."

Tinali ndi sola yaing'ono imene amayi ankaitulutsa m'mawa uliwonse n'kuikhazika pampando pabwalo. Masiku amenewo babu linkangofiira ngati khala, foni osadzadza.

"Ukakonza iyi, bwerera ku Fizikisi yakoyo," anatero ababa. "Ikakukanika, tilemba kalata usinthe. Azakhali ako a ku Mdeka anena kale kuti unesi ndiye wabwino."

Vuto ndinaliona m'mawa mwake, ndili ndi mswachi m'kamwa. Amayi amaluka tinsalu. M'nyumba mwathu chilichonse chaulemu chimafunda: wailesi, mipando, Baibulo, ngakhale jagi yamadzi. Sola nayo anailukira kake, koyera, ka maluwa apinki, kuti dzuwa la ku Lirangwe lingaiwaule. Ababa tinsalu timeneti anatizolowera moti sankationanso. Akanakhala phee nthawi yaitali, nawonso akanawalukira kawo.

Zinali zongofunika mawu awiri. Koma amayi sukulu analekera Sitandade 5, ndipo ababa nkhani ngati imeneyi sangaisunge. Ikanafika kwa akulu ampingo Lamulungu lomwelo, amayi n'kumasekedwa mpaka Khirisimasi. Panapita masiku atatu, sola ili chifundire, ababa akufunsa kale ngati ku unesi yunifomu amapereka okha.

Lachinayi ndinawapeza amayi akusankha nyemba.

"Amayi, kuhositelo anzanga matebulo awo ndi okongoletsa. Langa lili mbee. Kaja ka pa sola kaja..."

"Kameneko? Pakona ndinaphonyatu."

"Ndi komwe ndikufunako."

Anakachapa, kukasita, n'kukapinda m'chikwama changa, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya.

Kenako ndinaitana ababa kuti adzaone Fizikisi. Ndinatenga rula ndi kakyuleta. Ndinayeza sola m'litali, m'lifupi, mpaka miyendo ya mpando. Ndinadinadina kakyuleta nkhope itakwinyika, koma ndinkangolemba tsiku langa lobadwa. Ababa anaima kumbuyo kwanga, manja kumsana, ngati akuyang'anira mayeso. Pomaliza ndinapukuta galasi ndi nsanza yonyowa, n'kutembenuza sola kuti iyang'ane kumpoto. Zakumpotozo zokha ndi zimene ndinaphunziradi m'kalasi.

Dzuwa litalowa babu linawala mpaka tinaona akangaude onse a kudenga. Amayi anachita manyazi, anatenga tsache.

"Ndaona ndi maso angawa," ababa anauza oyandikana nawo kudzera pampanda. "Anayeza ndi rula. Nesi angayeze sola ndi rula?"

Za kalata sizinatchulidwenso.

Tsiku lobwerera, amayi anandiperekeza kumsewu kukadikira minibasi, chikwama changa chili pamutu pawo.

"Sola ija yakhala yamaliseche," anatero. "Ndayamba kuluka kena."

Ndinafulumira kuyankha. "Amayi, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi... nayenso tebulo lake lili mbee."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kumbali, kumene kunalibe chilichonse choona.

"Nanga mnzakoyo ali ndi anzake angati?"

"Ambiri, amayi."

"Chabwino. Uziwabweretsa mmodzimmodzi, ulusi ulipo."

Tsopano ndili chaka chachitatu. Pamzere wathu kuhositelo palibe tebulo lopanda maluwa apinki. Mawailesi atatu aja akadali pansi pa bedi langa kumudzi. Eni ake ndinawauza kuti zimenezo timaphunzira chaka chomaliza.